Mgaiwa wa aGoliati

Lolemba, 7 Julayi

Tabwera kuchipatala. Amuna anga aGoliati, tsiku lachinayi osapita kuchimbudzi. Mimba gwa ngati dzungu. Shuga nayenso wakwera. Anamwino andifunsa zimene ndimawaphikira. Ine monyadira: ufa woyera, wokonola ndekha, mphale yoviika masiku atatu. Iwo kupukusa mutu. Akuti madeya amene ndimathira nkhuku ndiwo amasesa m'matumbo, ndiwonso amaletsa shuga kuthamanga m'magazi. Atilamula mgaiwa, nandolo, khwanya, papaya, madzi ambiri. Likafika Lachisanu zisanasinthe, tibwerere akawagoneke.

Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi ndikudyetsa bwino nkhuku, mwamuna ayi. Manyazi andigwira.

Lachiwiri, 8 Julayi

Kuchigayo ndi chimanga chosakonola. Azimayi kundiyang'ana ngati kwathu kwagwa njala. Kunyumba aGoliati adya mbamu zitatu, nkhope yokwinya. Kuchimbudzi zii.

Lachitatu, 9 Julayi

Alamu anga aRozaria atulukira kuchokera ku Michesi. Avundukula mbale, aona mgaiwa. Mawu awo akundilirabe m'khutu: "Mlongo wanga anabwera kudzakwatira kuno, osati kudzadya za nkhumba." Akuti wodwala amadya choyera, ine ndatopa naye, ndikufuna afe msanga. Ndafotokoza za anamwino. Sakumva. AGoliati eni ake maso padenga, osandiikira kumbuyo. Zimenezo ndiye zandiwawa kuposa.

Lachinayi, 10 Julayi

Ndapeza pepala la buledi woyera pansi pa mphasa. ARozaria akuwadyetsa mobisa ine ndikapita kudimba! Ndabweza mawu, sindinama, mpaka anthu kusuzumira pampanda. Tsopano aRozaria aimbira achibale. Mawa kubwera njinga kudzatenga aGoliati, akawasamalire kwawo. Akapita kumeneko ndi ufa woyera m'mawa ndi madzulo, ndipo sadzabwerera kuno. Ndikudziwa.

Ndaphikabe nandolo ndi chisoso. Papaya theka. Madzi makapu asanu ndi limodzi, ndawerenga ndekha. Buledi aGoliati sanamukhudzenso. Ndili ndi mantha. Bwanji ngati ndikulakwitsa ndine?

Lachisanu, 11 Julayi

Njinga inafika dzuwa litangotuluka. ARozaria anali atamanga kale zovala m'chitenje. Wodwala osaoneka. Kuchipinda kulibe, kukhonde kulibe. Kenako ndinaona ndodo yawo yatsamira pakhomo la chimbudzi.

Tonse tinaima pabwalo, wanjinga yemwe. Anthu akuluakulu kudikira chimbudzi ngati pabwera mkwati. 

Anatuluka thukuta kamukamu, akumanga lamba pabowo lomwe analisiya sabata yatha. Anasamba m'manja mosafulumira. Kenako kwa mlongo wawo: "Masula katunduyo, Rozaria. Ukagone kwanu wekha." Kwa ine: "Zelifa, mgaiwa uja ulipo?"

Ulipo. Shuga tikayezetsa Lolemba, zimenezo sizinathe. ARozaria akhala pamtondo, sanandiyankhulebe, koma njinga yabwerera yopanda munthu. Nkhuku zikundizungulira, zikufuna madeya. Ziiwale, lero palibe.