Fuatino Anaimirira Pamaso pa Amalume Ake

Salelologa, Savai'i
22 Okutobala 2023

Okondedwa Achemwali a Moeva,

Ndikhulupirira kuti inu, alamu ndi ana muli bwino ku Auckland kozizirako. Ine ndilipo, koma ndatopa achemwali, kutopa kumene tulo sikukuchotsa. Mankhwala a mawondo munatumiza aja ndinalandira, zikomo kwambiri, ngakhale mawondowo ndawazunzanso posachedwapa.

Mukudziwa kuti Lachinayi lililonse ndimasonkhanitsa ana a kalasi yomaliza pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa sukulu, n'kumawaphunzitsa khalidwe ndi utsogoleri. Aphunzitsi anzanga amaseka, amati ndi tchalitchi cha Lupe, kunena ineyo. Chaka chino ndinali ndi mtsikana wina dzina lake Fuatino, wanzeru zedi, koma wamanyazi moti poyankha funso ankalankhula ndi zala za kumapazi kwake. Ndinalimbana naye osatopa. "Imirira, mwana iwe! Ndiyang'ane m'maso. Mawu wasiya kunyumba kodi?" Pang'ono ndi pang'ono anatakasuka, mpaka anzake anamusankha kukhala mkulu wa ophunzira onse. Tsiku lomuveka baji ndinalira ngati ndinamubereka ndine.

Chimene sindinamuuze n'chakuti kuimirirako kumathera pageti la sukulu. Ndinkayesa mwana wobadwira kuno akudziwa yekha.

Mwezi watha, banja lawo litamaliza mapemphero a madzulo, amalume ake a Matagi, amene ndi matai, mutu wa banja lonselo, analengeza kuti mng'ono wake wa Fuatino, Apaula, asiye sukulu azikagulitsa nthochi kumsika wa kudoko. Onse anali pansi pamikeka. Fuatino anadzuka n'kuima njo pakati pa nyumba, akuluakulu ali chikhalire, maso ake ali m'maso mwa a Matagi. Akuti analankhula bwino poikira kumbuyo Apaula, mfundo pambuyo pa mfundo, monga momwe ndinamuphunzitsira. Mayi ake anabisa nkhope m'nsalu.

A Matagi si munthu waukali, mukuwakumbukira, aja ankaseka mpaka kutsokomola m'kwaya. Iwo anangoti, "Mwamva anthuni, tili ndi loya m'nyumba muno. Chabwino mama, Apaula aphunzire. Kumsika upite ndiwe." Mayeso omaliza ndi mwezi wamawa, achemwali. Mwana akaphonya amenewa, zaka zake zonse za kusukulu zalowa m'madzi.

Ndinadikira kuti mwina asintha maganizo, koma ayi ndithu. Ndikadutsa pamsika ndinkamuona atakhala kuseri kwa mikoko ya nthochi, buku lili pamwendo. Loweruka la sabata yatha ndinanyamula mkeka wosalala wa nthenga zofiira, wamtengo wapatali uja timapepesera pa mwambo wathu, n'kupita kwawo. Ndinalowa chokwawa, ndinakhala kumapeto kwenikweni mutu uli pansi, ndipo ndinanena mawu onse amene munthu amanena zikatere: kuti wolakwa ndine, kuti ndine ndinasokoneza mutu wa mwana wawo, kuti zimene ndimaphunzitsa pansi pa mtengo paja ndi zachibwana, andikhululukire.

"Aa, aphunzitsi, kwezani mutu, mutichititsa manyazi," anatero a Matagi uku akusisita mkekawo. "Ife sitidana ndi sukulu ayi. Koma mwana akaima pamutu pa amalume ake lero, mawa aima pamutu pa ndani? Pa abusa? Lolemba abwere kusukulu. Wa kumsika ndi Apaula, monga tinanenera poyamba."

Za Apaula sindinanenepo kanthu. Ndinaopa kuti ndikatsegula pakamwa nditaya onse awiri, choncho ndinangothokoza.

Anandikonzera chakudya, nsomba ndi nthochi zophika mu mkaka wa kokonati. Wotumikira anali Fuatino yemweyo, akuyenda chowerama, kenako anakhala patsogolo panga n'kumandikupizira ntchentche. Mawu anga onse aja anali atawamva ali kuseri kwa mzati. Pobweretsa madzi osamba m'manja anandinong'oneza osandiyang'ana: "Madamu, ine ndimayesa mwabwera kudzaima nane."

Lolemba anabweradi, yunifolomu itasitidwa bwino. Mayeso adzalemba, ndipo ndikudziwa kuti adzakhoza. Koma baji ija anakaisiya patebulo la ahedi, ndipo Lachinayi sanabwere kumtengo wa mango. Anzake anabwera ochepa, poti nkhani inali itafala kale. Mmodzi mwa iwo, wapakamwa, anandifunsa kuti, "Madamu, lero tiime kapena tikhale?" Enawo anaphulika kuseka. Ndinawauza kuti atsegule mabuku awerengere mayeso, ine n'kukhala pa muzu wa mtengo mpaka belu kulira. Zaka zonsezi ndakhala ndikuuza ana a eni kuti mtsogoleri amalankhulira wofooka, ndipo sindikudziwa ngati chaka chamawa ndidzakhale ndi mphamvu zonenanso zimenezi.

Musandiyankhe kuti ndibwere kwanuko ndidzapume, ndikukudziwani inu. Mungondipempherera basi.

Mupereke moni kwa alamu, muwauze achepetse nyama yamchere ija. Moni kwa anyamata onse. Moni wapadera kwa mwana wathu Sinalei, ndamva kuti zokonzekera ukwati wake zikuyenda bwino. Achemwali, mkeka umene ndinapita nawo kwa a Matagi ndi uja amayi analuka n'kusungira ukwati wa Sinaleiyo. Wina woyenera ndinalibe. Musamuuze kaye, ndidzamuuza ndekha ndikapeza mawu. Ndinaupereka ndi manja awiri, ndipo mwana amene ndinamuwombola nawo akandiona panjira amawoloka msewu.

Ndine mng'ono wanu,
Lupesina