Kalongonda wa Amayi

Bernadette, 06:12
achimwene mwadzuka? amayi akuti ndikukumbutseni mawu anu a 2002 pa stage ya Songani. munati tsiku lodzabwerera simudzalawa kanthu pa Malawi pano musanadye kalongonda wophika iwo

Horace, 06:20
sindinaiwale Bena. chitsikireni ndege ku Chileka dzulo ndangomwa madzi ndi tiyi wopanda shuga

Bernadette, 06:21
mphika uli pamoto kuyambira 5. nawonso akuti sadya mpaka mudye inu. ngakhale phala akana, ndiye mankhwala a BP sanamwe

Horace, 06:25
ayi iwo adye. ine ndinazolowera. dokotala wa ku Leeds anati ndichotse 15kg apo ayi shuga andigwetsa. ndimadya pakati pa 12 ndi 6 madzulo basi. ikakwana 6 pakamwa ndatseka. miyezi inayi sindinaphonyepo

Bernadette, 06:26
kkkk njala yanu imavala wotchi?

Horace, 06:29
njala yeniyeni imayambira m'mimba. inayo ndi ya maso ndi chizolowezi. mabuku ake ndawerenga ambiri

Bernadette, 06:30
zimenezo musadzazinene kuno. munthu akabwera kuchokera kunja ataonda, kwa Malemia anthu amayamba kunong'ona

Horace, 13:05
ndili pa Songani. phiri la Malosa analimeta ndani? ndinasiya nkhalango, ndapeza mpala. zaka 22 ndakhala ndikulota malo amene kulibe

Bernadette, 13:07
bwerani kaye kunyumba, mudzalirire kuno

Horace, 13:10
ndidikira m'galimoto mpaka apse. ndikafika pano andipatsa nthochi. ndikakana akhumudwa, ndikadya ndaphwanya mawu anga

Horace, 15:40
wapsa?

Bernadette, 15:52
ayi. tangotaya madzi kachitatu. nkhuni zatha, Alesi mwana wa achimwene Eliya wapita kukafuna zina. mitengo mukuilira ija ndi imeneyi

Horace, 15:55
app ya pa foni yondithandiza kuonda ikuti ndiyeze njala yanga pa 1 mpaka 10. ilibe nambala ya munthu amene wayimika galimoto pafupi ndi chiwaya

Horace, 16:48
phulani choncho, ndidya wosapsa yemweyo

Bernadette, 16:49
eee mwaiwaladi kwanu. kalongonda wosapsa ndi poizoni achimwene. mukufuna amayi akupheni ndi manja awo?

Bernadette, 16:51
apsa cha m'ma 7. idyani 7 yomweyo, tsiku limodzi lokha

Horace, 16:58
zimayamba ndi tsiku limodzi. abambo anayamba ndi chala chimodzi cha kuphazi. mwendo wonse unapita, ine ndikungomva pa foni

Bernadette, 16:59
ine ndinalipo. ndine ndinkatsuka chilondacho. musandiphunzitse za shuga

Bernadette, 17:01
amayi ali ndi zaka 79 ndipo chidzukireni m'mimba mulibe kanthu. iwo app alibe

Horace, 17:03
ndiye uwapatse chakudya iwe!

Bernadette, 17:04
ndayesa. akuti "mwana wanga wasunga mawu, ine ndilephere?"

Bernadette, 17:12
[voice note 0:48]

Bernadette, 17:12
ndi amayi amenewo. mverani

Bernadette, 17:26
mwamvera?

Bernadette, 17:31
[missed call]

Bernadette, 17:44
[missed call]

Bernadette, 18:05
6 yanu yakwana. palibe wafa. plz yankhani

Bernadette, 18:41
wapsa. alawa okha kamodzi nkulavula, akuti asakutsogolereni kudya. asamba, avala chitenje chatsopano, akhala pakhonde. galimoto iliyonse ikamveka akuimirira

Bernadette, 18:50
achimwene ndiwauze chani?

Horace, 18:57
ndadya chips ndi mazira awiri pa Songani, 17:45