Khungwa la m'Kachitini ka Dércia

Tsangano
Lachitatu, 16 de Abril 2025

Okondedwa akulu anga aRosalina,

Ndakhala pansi kulemba lero Lachitatu, 15 horas ya masana itangokwana, pamene onse ali kudimba kokumba mbatatesi ndipo pakhomo tatsala ine ndi nkhumba. Nthawi imeneyi ndaisankha dala. Musadabwe kuti sindinakuimbireni telefone. Telefone ya pakhomo pano ndi ya Dércia, mkazi wa mdzukulu wanga Octávio, ndipo nkhani yake ndi ya Dércia yemweyo. Sindikanam'pempha kuti andigwirizire kukhutu pamene ndikumunena. Zilembo zanga mukuzidziwa, ndi zomwe zija tinatola kusukulu ya kwacha ku Ntcheu tili othawa nkhondo. Pamene zakhota muwongole nokha.

Kuno tilipo. Mvula yatha, chisanu chayamba kuluma m'mawa, ndipo bondo langa layambanso mwano wake. Kaya inu ku Chidzolomondo ndi fodya wanuyo, mwayamba kusoka?

Mukudziwa kale kuti sabata yatha ndinatumiza kaphukusi kwa alongo athu aFelisberto, pamodzi ndi mawu oti Pasaka ikapita, Loweruka lake, abwere monga nkhoswe ya Octávio adzakhale pansi ndi a kwawo kwa mkaziyu. Ndikudziwa kuti anakuonetsani, chifukwa m'kamwa mwa alongo athu simugona nkhani. Tsono ndikufuna muimve kuchokera kwa mwini wake.

Mtsikanayu simunamuone. Ndi wa ku Vila Ulónguè, anagwirapo ntchito yophika pa pensão, nyumba yogona alendo, ku Tete, ndipo anabwera chitengwa mu Agosto chifukwa Octávio anakana kundisiya ndekha. Pa ntchito sindinganame, khasu amaligwira. Koma ndi wofatsa mopitirira, ulemu wake ndi wosalala ngati sopo, ndipo amandiitana vovó, agogo pa Chipwitikizi, ngati ndine mzungu wa pa shitolo. Ine munthu amene sindinamumvepo akung'ung'udza sindim'khulupirira. Miyezi isanu ndi itatu ndakhala naye, sindinam'tchepo mkazi mnzanga ngakhale kamodzi, monga amachitira agogo onse ndi akazi a adzukulu awo. Kuseka naye kunkandikanika.

Mukuukumbukira mtengo wa maapozi kuseri kwa khola, uja malemu amuna anga aBonifácio anabwera nawo pobwerera kuno mu 93? Paja anasiya bulangete pamsasa kuti anyamule mbande ziwiri m'chidebe, inu n'kumawanena kuti apenga. Umodzi unafa, winawo chaka chino wabereka mpaka nthambi taziikira mphanda.

Mu Março maapozi atayamba kufiira, tsiku lina ndikuchokera kotaya madeya kwa nkhumba ndinamuona Dércia atakhala kuseri kwa khitchini, msana atalozetsa kunyumba kwanga. Ndinaima pa nkhokwe. Anatenga apozi, n'kudula kamutu pamwamba, n'kuyamba kukumba m'kati ndi mpeni ndi chigwiriro cha supuni, kuchotsa njere ndi mtima wake wonse, koma osaboola pansi. Kenaka anasakaniza mtedza wokazinga wosinja, uchi wa m'ming'oma ya Octávio ndi kamanteiga pang'ono, kabatala kaja. Mpaka apa ndinati ndi zamasewera za anthu a m'tauni. Koma akulu anga, anaimirira, n'kuyang'ana uku ndi uku, n'kupisa dzanja mu udzu wa denga, n'kutulutsa kachitini ka mkaka. M'katimo munali khungwa la mtengo, lofiirira, lopindika ngati ndudu. Analipala pamwala, n'kutapa kafumbi kake ndi zala ziwiri, n'kuwaza. Anapakira zonsezo m'dzenje la apozi lija, n'kubwezera kamutu kaja pamwamba kuti pasaoneke kanthu.

Tandiuzani inu, munthu wa mtima woyera amabisiranji khungwa kudenga? Nanga chakudya chabwino amachikwiriranji m'mimba mwa chipatso n'kutsekapo?

Anachekerera khungu la apozi lililonse mozungulira m'chiuno, n'kuwakhazika anayi m'poto momwe anathiramo timadzi, n'kuvundikira. Makala pansi, makala ena pamwamba pa chivundikiro, monga timachitira chigumu. Fungo limene linatuluka pamenepo sindinalimvepo chibadwire. Linanditsata mpaka m'nyumba. Atapsa anawatengera kunyumba kwawo, n'kutseka chitseko, dzuwa lili pamutu. Ine mwini mtengo, olo kundilawitsa.

Ndinawerenga. Anachita zimenezi kasanu, ndipo kasanu konse anadya ndi Octávio yekha.

Tsono muone za Octávio. Mwana uyu ndinamulera ndekha chimwalirire mayi ake, ndikum'dziwa ngati chikhatho changa. Akagulitsa mbatatesi pamsika wa Tsangano, kale ankabwera miyendo ikukangana, akuimba nyimbo za kwaya mokhotakhota. Lero amabwera dzuwa lisanapendeke, m'kamwa mukununkha madzi. Tsiku lina ndinam'peza atagwada, akukupiza makala a pachivundikiro ndi mbale, mwamuna wandevu. Ndipo awiriwo ankanong'onezana, ndikangotsokomola onse zii. Nditam'funsa chimene chamugwira, anangoti wakula. Wakula liti, poti chaka chatha chomwechi ndinakam'tola m'ngalande?

Ndinakawauza aBertina, anansi anga a kumunsi kuja. Sanadikire kuti ndimalize. Anati ndi kondaine ameneyo, ndipo mwana wa mlongo wawo ku Furancungo anadyetsedwa chimodzimodzi, pano amachapa zitenje za mkazi wake pamjigo anthu akuona. Anati mankhwala oterewa akakhwima, mwamuna amaiwala ndi amene anamulera.

Mawu omalizawo ndi amene anandilowa. Lamulungu loyamba la mwezi uno ndinati bondo landigwira, sindipita kutchalitchi. Atangokhota pa njira ya kusukulu, ndinakwera pamtondo, ine ndi bondo langa lomwelo, n'kutulutsa kachitini. Khungwa ndinatenga, chitini ndinatseka bwinobwino n'kubwezera pamalo pake. ABertina atalinunkhiza anayetsemula katatu, n'kunena kuti mtengo umenewu kulibe m'mapiri onse kuyambira kuno mpaka ku Macanga. Basi, ndinalikulunga m'kansalu n'kutumiza kwa alongo athu kuti likhale umboni.

Masiku awiri mtsikanayo anafunafuna. Anasanthula denga, anasesa khitchini kawiri, anasuzumira ndi m'khola. Sanafunse munthu. Ine ndinati eya, wosalakwa akanafunsa.

Tsono dzana, Lolemba, ndili pakhonde kusankha nyemba, ndinangoona wafika wagwada, m'manja muli mbale ndi supuni. M'mbalemo apozi limodzi, khungu litakwinyika ngati tsaya langa, msuzi wa uchi ukutsikira m'mbali. Ndinamuuza zimene ndakhala ndikuuza aliyense, kuti maapozi amandipatsa chilungulira.

Anati, "Agogo, si chilungulira. Ndinakuonani."

Onani, sanati vovó. Ndinam'funsa chimene anaona, poti maso ake ndi aatali chonchi. Anati mwezi wa Fevereiro anandiona kuseri kwa khola nditatola apozi lakugwa, ndikulipukuta pachitenje, ndikuyesa kuluma mbali iyi, kenaka mbali inayo, mpaka ndinangolinunkhiza n'kuponyera nkhumba.

Akulu anga, izi sindinauzepo munthu, ndipo inunso musazitenge kupita nazo kuchigayo kapena kumaliro. Chichokereni mano anga akutsogolo, zaka zinayi tsopano, sindinadyepo chipatso cha mtengo wa aBonifácio. Paja chaka chilichonse apozi loyamba ankalidula pakati ndi kampeni kawo kaja, theka iwo theka ine. Kuti ndiziuza ana kuti andiphwanyire mumtondo ngati khanda, ndinaona kuti bola ndiname.

Mtsikanayo anati ku pensão kuja maapozi ofewa oterewa ankawaphika mu forno, uvuni ya magetsi, tsono pamakala zinkamukanika. Oyamba anaphulika, achiwiri anapserera pansi m'kati muli gwa, ena anasanduka phala. Anati sakanabweretsa chinthu cholephereka kwa munthu amene amapeza cholakwa ndi pa madzi akumwa omwe. Mawu amenewa anandiuza ine, pakhonde panga. Ndiye zolepherekazo ankadya ndi Octávio, atam'lumbiritsa kuti asandiuze. Khungwa lija akuti ndi kanela, chokometsera chakudya, amagulitsa poyera m'mashitolo a ku Tete, anam'patsa ndi mayi amene ankaphika naye, ndipo ankalisunga kudenga kuopa chinyezi ndi ana a aBertina amene amalowa m'khitchini ngati mwawo.

Ine ndinangoyang'ana mbale ija. Ndipo iye, osauzidwa, anatenga supuni, n'kutapa pakati penipeni pamene panali zopakirazo, n'kudya ndikuona, n'kumeza, n'kupukuta supuni ija pansalu yake, n'kundipatsa. Inu mukudziwa kuti munthu amalawa chakudya pamaso pa mlendo kapena pa amene akumuopa. Pamaso pa agogo ake a m'nyumba salawa. Pamenepo ndinadziwa kuti akudziwa zimene ndinkamuganizira, ndipo nkhope yanga inatentha kuposa mbaleyo.

Ndinadya. Supuni inalowa ngati m'dzungu lakupsa. Kowawasa kaja ka mtengo wathu kanali komweko, sikanapite kulikonse zaka zinayi zonsezi. Ndinadya ndi khungu lomwe, msuzi ndinakombeza ndi chala. Ngati m'maso munatuluka kanthu, unali utsi wa makala, pakuti mphepo inkachokera kukhitchini.

Potenga mbale anati, "Pepani, likanakoma koposa apa, koma kanela anatenga makoswe. Makoswe a kuno ndi aulemu, agogo. Akatenga chinthu amatsekanso chitini."

Ananena maso ali pansi, osaseka. Mwana ameneyu ali ndi pakamwa, anangokubisa miyezi yonseyi. Ndipo ine, osaganiza, ndinangomva pakamwa panga pakuti, "Iwe mkazi mnzanga, uchi wachepetsa. Ukuumira mwamuna wathu eti?" Octávio anali akulowa pachipata, khasu linam'gwa paphewa.

Tsono apa ndi pamene pali vuto, ndi chifukwa chake ndakhalira kulemba. Za Loweruka lija, Dércia sakudziwa, Octávio sakudziwa. Alongo athu akafika ndi kansalu kaja n'kukamasula pamphasa pamaso pa amalume ake a mtsikanayu, ngakhale onse ataseka n'kunena kuti ndi zokometsera chakudya, mawu adzakhala atatuluka. Mudzi uno sudzam'tchulanso dzina lake, adzangoti uja wa kondaine. Sadzakhala, ndipo a kwawo sadzalola kuti akhale. Octávio ananena kale tsiku la ukwati kuti mkazi wake akadzachoka pano, iye adzam'tsata chikamwini ku Ulónguè. Nthawi imeneyo ndinaseka.

Musaganize kuti ndam'masula. Maso anga akadali pa iye. Za mowa wa Octávio sindinapezebe yankho lake, munthu sasiya kachasu chifukwa cha maapozi opserera. Ndiponso taonani ine. Ndadya limodzi lokha, lopanda khungwa n'komwe, koma dzulo ndinapezeka ndikum'sungira mbatata yootcha, ndipo aBertina atabwera kudzafunsa kuti mlandu uli pati, ndinawauza kuti ayambe aphunzitsa ana awo kugogoda. Ndiye ngati mankhwala alipo, sali m'khungwamo, ali pena pake, ndipo kuti ndiwapeze afunika akhale pompano pamene ndingamuone bwino. Ku Ulónguè ndikamuyang'anira bwanji?

Kalatayi ndipatsira aFernando a njinga yamoto, amene akupita ku Furancungo mawa m'mawa, ndipo alonjeza kuti adzakhotera kwanu. Mukawerenga musaiike pansi pa mphasa monga mumachitira ndi makalata a chipatala. Muitengere kwa alongo athu tsiku lomwelo, muwawerengere nokha pakuti maso awo anatha. Pa mano paja mulumphe. Muwauze kuti ngati sanatumize mawu ku Ulónguè, asatumize. Ngati atumiza kale, anene kuti ndi kucheza chabe, kudzaona pamene mwana wawo akukhala, ndipo ine ndipha nkhuku ziwiri. Akafuna kundinena kuti ndawayendetsa pachabe anene, ndimva, koma anenere konko.

Chachikulu, khungwa lija libwerere ndi aFernando omwewo. Asalitenthe, asapite nalo kwa asing'anga, ndipo asalitafune, pakuti ndikuwadziwa. Mtondo wokwerapo ulipo, bondo lidzandigwiranso Lamulungu. Mumtengo mwatsala maapozi osakwana makumi awiri, mbalame nazo zayamba, ndipo sindikudziwa ngati chaka chamawa ndidzakhalapo kuti ndimve kuti ndi khungwalo amakoma bwanji.

Moni kwa alamu anga, kwa ana ndi zidzukulu zonse. Octávio akupereka moni. Mkazi mnzanga nayenso akupereka moni, ngakhale sakudziwa kuti ndikulemba. Ndikuwamva akubwera kuchokera kudimba, ndilekeze pompa.

Ndine mng'ono wanu,
Felismina