Lekani Kaliwo Asaikidwe Ngati Wopanda Abale

Kwa a banja la Kaliwo ku Dedza, makamaka atsibweni a malemu, bambo Lamson Chikuse, ndi kwa Amalawi onse a muno mu Perth,

Ife a Bungwe la Anamwino Achimalawi ku Perth tasweka mitima ndi imfa ya mnzathu, a Lekani Kaliwo, amene atisiya Lamulungu lapitali atadwala Covid-19 pa kachilumba kena ka m'nyanja ya Pacific.

Kwa zaka zisanu ndi zitatu a Lekani anasamalira okalamba mu mzinda uno, ndipo ambiri a ife tinayamba moyo wa kuno pogona pabalaza pawo ku Mirrabooka. Chaka chatha anaperekeza a Paterson, amene ankakhala nawo nyumba imodzi, kwawo kuchilumbako kukadwazika mayi a Patersonwo. Malire atatsekedwa, a Lekani sanakhale manja lende, anadzipereka kuchipatala cha komweko, ndipo nthendayi anaitengera kumeneko.

Tinene poyera zimene tinkazizemba. Ife tinkati a Paterson ndi mnzawo wogawana naye nyumba, koma ndi mwamuna wawo, ndipo anakwatirana mwalamulo kuno ku Australia. Kuchilumbako ukwati wotere, wa amuna okhaokha, ndi mlandu wopita nawo kundende, choncho kalata yaukwati ili m'chikwama koma sangaitulutse. Dzulo pafoni a Paterson anatiuza akulira kuti, "Kuchipatala andifunsa kuti ndine ndani wake. Ndayankha kuti ndine mnzake chabe."

Achipatala sapereka thupi kwa mnzake chabe. Akufuna wachibale asayine kalata yololeza a Paterson kuika maliro, apo ayi Lachisanu boma likaika a Lekani m'manda a anthu osowa abale, popanda dzina. Ife sitingapiteko, ndege kulibe.

Atsibweni, kalatayo takutumizirani katatu pa WhatsApp, ndipo tikuona kuti mwaitsegula. Tikudziwa kuti nkhaniyi yakupwetekani, poti mwaimva tsiku limodzi ndi uthenga wa maliro. Sitikupempha kuti muvomereze ukwatiwo. Tagwada, tikupempha dzina lanu papepala, kuti mwana wa mlongo wanu aikidwe ndi munthu amene anamusambitsa akudwala.

M'malo mwa mamembala onse, ndikupepesa banja lonse, ndikupepesanso a Paterson, amene tinawachedwetsera ulemu wawo. Mulungu akulimbitseni mitima nonse. Atsibweni, Lachisanu ndi mkuja.

Annastazia Mbewe
Wapampando