Waya Wofiira wa pa Njinga ya Abambo

Biwi,
Lilongwe.
18 Ogasiti, 1996.

Okondedwa Abambo,

Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupezani muli bwino pamodzi ndi Amayi ku Ntchisiko. Ife kuno tilipo, kungoti fumbi la Ogasiti latikwana. Apongozi anu a Thandie akuti akachapa m'mawa, pofika masana zovala zasanduka zofiira pachingwe pomwepo. Kugalaja ntchito siikusowa, njinga zamoto za mabungwe zachuluka m'tauni muno.

Ndikudziwa kuti maso anu sakuthanso kuwerenga, ndiye amene akukuwerengerani ndi Ennie. Iwe Ennie mlongo wanga, ndimakudziwa bwino, ukafika pa mawu owawa umadumpha n'kunena kuti "apa angopereka moni." Lero usadumphe ngakhale mzere umodzi, chonde.

Abambo, ndakhala ndikukunamizani. M'makalata atatu onse aja ndinkalemba kuti njinga yanu yamoto ili bwino, ndimailiza Loweruka lililonse. Linali bodza lamkunkhuniza. Chichokereni inu njingayo inali isanalirepo, ndipo amene anaiwononga ndine.

Tsiku lija la mu Epulo simungaliiwale, koma ndiloleni ndilinene ndi pakamwa panga. Munkaika batire latsopano pa njinga yanu yachingerezi ija, imene munabwera nayo kuchokera ku Halale ine ndikukwawa. Njinga imeneyo simunkalola munthu kuigwira, ngakhale ine, moti ntchito ndinaphunzirira pa zachijapani zokhazokha. Nditacheuka ndinaona mukumangira waya wofiira, wa pulasi, ku thupi la njinga. Pa njinga zonse zimene ndinagwirapo, ku thupi kumapita wa mainasi. Ndiye ndinakuwa, makasitomala anayi ali pompo, ndi mayi wa zitumbuwa uja akumva: "Abambo, mwazondotsa! Maso athatu awa, tangokhalani pansi musanatiotchere galaja!"

Anthu anaseka. Inu munaika sipana pansi pang'onopang'ono, n'kupukuta manja, n'kungoti, "Chabwino, amakanika." Munafunditsa njinga chiguduli, ndipo mwezi usanathe munakwera basi ya kumudzi. Kwa anansi ndinkanena kuti madala apita kukapuma. Mumtima ndinkadzitama kuti ndapulumutsa bambo wanga ku ngozi.

Mu Juni ndinavundukula chiguduli chija kuti ndikonze zimene ndinkati munalakwitsa. Ndinaika batire mmene ndimadziwira ine, mainasi ku thupi. Mayo ine! Utsi unangoti tolotolo pansi pa mpando, fungo ngati la dzira lovunda, mawaya awiri atasungunukiratu. Mukuganiza kuti ndinadzidzimuka n'kuganiza za inu? Ayi ndithu. Ndinati mawaya ndi okalamba, njinga ya makedzana.

Kuyambira pamenepo, ndikatseka galaja madzulo ndinkalimbana nayo. Mawaya opsa ndinasintha. Pulagi ndinaitsuka ndi petulo, kenako n'kugula ina. Ndinachotsa mapointi, tizitsulo tija totseguka ndi kutsekeka kuti moto uthetheke, ndinatipala ndi sandipepala mpaka mbale yake yomwe inawala ngati supuni yatsopano. Kondensa ndinasintha, koilo yopanga moto wa pulagi ndinakabwereka kwa makanika mnzanga Aubrey wa ku Kawale. Koma ndikangoika batire, fyuzi phwa! Ndikaika ina, phwa! Aubrey anafika pondiuza kuti, "Man, njinga iyi madala anaikhwimira, kaitayeni." Ndinamukalipira, koma ndisaname, nanenso maganizo amenewo anandifikira.

Lachiwiri la sabata yathayi kunabwera bambo wina wachikulire, a Nyirenda a ku Area 18, mkulu wa mpingo, kudzakonzetsa buleki ya njinga ya mwana wawo. Ataona yanuyo pakona anaima, n'kuvula chipewa ngati aona mnzawo wakalekale. Akuti anakwerapo yotereyi zaka khumi ali ku migodi ya ku Zambia. Anagwada n'kusuzumira pansi pa mpando, kenako anandiyang'ana.

"Mwana wanga, batire ili waika ndani?"

Ndinati ndine.

"Wazondotsatu. Zachingerezi zakalezi, wofiira ndi amene amapita ku thupi. Wapsereza kachipangizo kodzaza batire aka, ndipo n'kamene kakukudyera mafyuzi. Kodi mwini wake sanakuuze?"

Abambo, ndinasowa poyang'ana. Ndinawayankha kuti mwini wake ankachita bwinobwino, ine ndi amene ndinamuletsa. A Nyirenda anangovala chipewa chawo n'kunena kuti, "Ngati ali moyo, uli ndi mwayi."

Atapita ndinakhala pa tayala lija munkakonda kukhalapo. Ndiye kuti tsiku lija, ndi maso anu ofookawo, munkaona bwino kuposa ine. Zaka makumi atatu mukumanga waya umenewo pamalo pake, ndipo ine ndinakuchititsani manyazi pagalaja imene munamanga ndi manja anu. Chimene chikundiwawa kwambiri n'chakuti simunanditsutse. Mukanangonena mawu awiri okha bwenzi anthu aja ataseka ine. Ndaganiza ndaganiza, sindikudziwa ngati munakhala chete chifukwa cha mkwiyo kapena chifukwa simunafune kuti makasitomala aone kuti mwana wanu ndi mbuli. Ndikuganiza kuti n'chachiwirichi, ndipo n'chimene chikundilanda mtendere.

Lachinayi ndinayenda wapansi mpaka ku Kauma, kumene a Nyirenda anandilozera munthu wosunga zitsulo za njinga zakale. Kachipangizo kaja ndinakapeza. Ndinakaika, n'kumanga wofiira ku thupi monga munkachitira inu. Nditagunditsa pulagi pa injini n'kuponda kiki yolizira njinga, moto unathetheka wabuluu, wamphamvu, wakuti thethe! Ndinaseka ndekha ngati wamisala, mpaka mayi wa zitumbuwa anabwera kudzaona.

Koma nkhani siinathere pomwepo. Njinga ikulira, inde, koma ikulira moipa. Ikuphulika kumbuyo ngati mfuti, ndipo dzulo kiki inabwerera n'kundimenya pa akakolo, moti ndikulemba kalata ino mwendo uli pampando. Moto ukubwera nthawi yolakwika. Pa mbale ya mapointi panali kamzere kamene munakanda ndi msomali kosonyeza pamene mbaleyo iyenera kukhala. Kamzere kameneko ndinakafufuta ndekha ndi sandipepala uja, poyesa kuti ndi dzimbiri. Ndasuntha mbale uku ndi uku, koma ndikungolota.

Ndikukumbukira mmene munkachitira. Munkachotsa pulagi n'kulowetsa pabowopo sipoko ya njinga yakapalasa, ija yokhala ndi kamphako kamene munacheka ndi fayilo. Munkazunguza gudumu mpaka chala chanu chitamva kamphakoko, chizindikiro chakuti injini yafika pamene moto uyenera kuthetheka. Kenako munkapanikiza kapepala kopyapyala ka m'paketi ya fodya pakati pa mapointi, n'kumasuntha mbale pang'onopang'ono mpaka kapepalako katayamba kutsetsereka. Ine ndinkaonera patali n'kumaseka ndi anzanga kuti madala akuombeza ula. Chimene ndazindikira tsopano n'chakuti zonsezo munkachita mutatsinzina. Ntchito imeneyo siinkafuna maso n'komwe.

Sipoko ija ndaifunafuna m'bokosi lonse, palibe. Thandie akuti tsiku limene munkanyamuka anakuonani mukuiika m'thumba la m'kati mwa jekete lanu lakuda. Masipana onse munandisiyira, nyundo, vaisi, ngakhale njinga yomwe. Munatenga kawaya kameneko kokha.

Ndikanatha kupita kwa a Nyirenda kuti andithandize kupima ndi kucheka sipoko ina, ndipo mwina zikanatheka. Sindinapite. Sindikufuna kuti njinga imeneyi idzalire bwino inu kulibe.

Ndiye pempho langa ndi ili. Loweruka lomaliza la mwezi uno ndibwera kudzakutengani, ngati mungalole. Malo anu pa tayala paja alipo. Ndidzaitana Aubrey, mayi wa zitumbuwa, ndi aliyense amene ndingamupeze mwa amene anaseka tsiku lija, ndipo ndidzanena pamaso pawo kuti wolakwa anali ine. Ndinakunyozani pagulu, sindingapepese m'kalata mokha. Mukakana kubwera sindidzadandaula, ndidzakweza njingayo pa lole ya fodya yobwerera kumeneko, ndidzaitsitse pakhomo panu. Ine ndidzagwire gudumu, inu muzidzandiuza kuti zunguza, ima.

Ndikhululukireni, Abambo. Ndakusowani kwambiri, ndipo galaja ino yakula modabwitsa chichokereni inu.

Mundiperekere moni kwa Amayi, muwauze kuti mankhwala a m'maso aja ndibwera nawo. Moni kwa amalume ndi onse a pamudzi. Thandie akupereka moni wambiri, akuti chipinda chanu wachikonza kale ngakhale ndamuuza kuti simunayankhe.

Iwe Ennie, ukamaliza kuwerenga usawafunse kanthu, ukudziwa kuti sangayankhe. Ungokhala chete uwayang'ane. Ngati madzulo ano kapena mawa angakufunse kumene kuli jekete lawo lakuda, undilembere tsiku lomwelo.

Ine mwana wanu, amene akadaphunzirabe ntchito,

Malizani