Tsiku Limene Ndinakoka Bambo Kutsika Phiri

Wokondedwa mlongo wanga Torunn,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wako. Uli bwanji kumpotoko ku Tromsø? Chifuwa chimene unkadandaula chija chinatha? Nanga mayeso akukuyendera? Ine kuno ndili bwino, kusukulu ndikupita, ngakhale masamu akundikanabe. Amalume Oddvar alinso bwino, bondo lokha ndi limene likuwasautsa. Za bambo ndi zimene ndakhalira pansi kuti ndikulembere.

Ndikudziwa kuti pafoni anakuuza kuti pa Pasaka anadwala kachimfine. Ndinali pomwepo akunena zimenezo, ndipo anandiponyera diso lija loti tseka pakamwa. Iwe ukundidziwa, pafoni ndimangoti ee ndi ayi, ndiye ndati bola kalata. Usachite mantha. Ali moyo, akudya, akulalata. Koma sichinali chimfine.

Mwambo wathu ukuudziwa, Pasaka ku kanyumba kathu ka kuphiri sachitika popanda nkhono zimene bambo amakatola okha pobira pansi pa nyanja. Zaka zonse amabira kukadali masiku angapo, n'kuzisunga mufiriji. Chaka chino mphepo inawomba sabata yathunthu, ndipo nyanja inadekha m'mawa wa tsiku lenileni lonyamuka.

Amalume anati tingogula za kusitolo. Bambo anayankha kuti za kusitolo adye okha amalume pamodzi ndi amphaka awo. Anabereka botolo la mpweya n'kubira kuseri kwa thanthwe, kozama kuja, ine ndikudikira m'boti. Atapumako pang'ono anabiranso. Anatuluka bwinobwino, thumba lodzaza, akuimba. Tsitsi lawo lisanaume n'komwe tinali kale m'galimoto, amalume akuyendetsa, kukwera phiri.

Titafika pamene msewu umakhotakhota paja, nyimbo inatha. Ndinali kumbuyo, ndimaona dzanja la bambo litagwiritsitsa chitseko. Titaima pamalo osiya magalimoto, anatsika n'kusanza pachipale chofewa.

Amalume anaseka mpaka kugwira m'mimba. Anati, "Mlamu, zaka zonsezi mafunde akukulephera, lero wagwetsedwa ndi msewu wa tala?" Bambo, uku akupukuta pakamwa, anati munthu woyendetsa galimoto ngati akuthamangitsa nkhosa ayenera kulandidwa laisensi. Tonse tinaseka, inenso ndinaseka.

Tinavala maski, timatabwa takumapazi totsetserekera pachipale, n'kuyamba kukwera kupita ku kanyumba, ine ndikukoka kangolo kopanda matayala kamene timanyamulira katundu pachipale. Torunn, unawaonapo bambo akugwa pa maski? Tsiku limenelo anagwa pamalo oti ngakhale mwana wa ku mkaka sangagwe. Anadzuka, anagwanso. Anati vuto ndi phula limene anapaka kunsi kwa maski.

Titafika anagona pabenchi, maso atatseka, akuti denga likuzungulira. Amalume anakoleza moto, anawapatsa khofi, n'kunena kuti mseru wa m'galimoto mankhwala ake ndi mpweya wa kuphiri. Koma ine ndinkadzifunsa kuti mseru wa m'galimoto umakula bwanji galimoto titaisiya kalekale kumunsi.

Ndinakhala pakona panga paja n'kumawayang'ana bambo. Akatsegula maso, maso aja ankathawira mbali imodzi n'kubwerera, kuthawa n'kubwerera, okha. Ndinawafunsa chapansipansi, ndili kumanzere kwawo, ngati akufuna madzi. Sanayankhe. Ndinazungulira kumanja n'kufunsa chimodzimodzi, anati ayi.

Kenako ndinayamba kulongedzola zakudya. Paketi ya tchipisi imene tinagula kumunsi ili yofota ndinaipeza itatupa ngati pilo. Ndinaima nayo m'manja. Ukukumbuka zimene bambo ankatiuza tili ana, kuti munthu akabira sakwera ndege, chifukwa mpweya umene walowa m'magazi umachita thovu ngati chakumwa chotsegulidwa mwadzidzidzi? Ndege tonse timaiopa. Kuti phiri nalo limakweza munthu m'mwamba ngati ndege palibe anaganizira, chifukwa ndi phiri lathu, timalikwera chaka chilichonse.

Sindinauze munthu. Ndinatuluka n'kukwera pamwala paja pamene foni imagwira, ndinaimba nambala ya ngozi. Mayi amene anayankha anandilumikiza kwa dokotala wa anthu obira. Anandifunsa za kuzama, za maso, za khutu. Kenako anati zikuoneka kuti tithovu talowa mkati mwa khutu, mmene munthu amasungira mphamvu yoima chilili, ndipo bambo atsike msangamsanga, atagona chagada. Helikopita sikanatha kubwera chifukwa cha nkhungu. Ambulansi ikatidikira pamalo a magalimoto.

Nditabwerera, nkhono zinali kale m'chiwaya, batala akununkhira nyumba yonse. Ndinanena zonse ndili chiimire pakhomo.

Bambo anakwiya. Anati anayamba kubira ine ndisanabadwe, ndipo sangatsike phiri pa Pasaka chifukwa cha paketi ya tchipisi. Amalume anati, "Sondre, mwanawe, umangokhala duu chaka chonse, lero wayankhula kamodzi waitana ambulansi?"

Sindikudziwa kumene ndinatenga mtima umenewo. Ndinawauza bambo kuti adzuke ayende motsata thabwa limodzi la pansi kuchoka pabenchi kukafika pachitseko. Akafika, ndiimbanso foni ndipepese, ndipo mbale za Pasaka yonse nditsuka ndine.

Anati ndikonzeretu sopo. Anaimirira, anaponda kamodzi, ndipo thupi lonse linapendekera kumanzere ngati wina wawakoka ndi chingwe. Anakagwera m'bokosi la nkhuni. Amalume anachotsa chiwaya pamoto n'kupita kukatenga thumba logonamo.

Tinawagoneka bambo m'kangolo kaja, miyendo ikutulukira kumbuyo, ndowa ili pachifuwa. Ine ndinamanga malamba m'chiuno kutsogolo, amalume anagwira chingwe kumbuyo kuti kangolo kasandigunde potsetsereka. Iwe ukudziwa kuti pa mpikisano wa maski kusukulu ndimafika anthu atayamba kale kuzula mbendera. Tsiku limenelo palibe anandifunsa za mpikisano.

Nkhungu inali yoti mtengo wolozera njira umaoneka umodzi wokha, winawo uzichita kuusaka. Bambo ankasanza, akapuma n'kumandilangiza kayendedwe maso ali chitsekere. Amalume anawauza kuti katundu sayankhula.

Pa chitsetse cha pamtsinje paja bondo la amalume linagonja. Anagwa, chingwe chinawapulumuka, ndipo kulemera konse kwa bambo kunandikankha kumsana. Kumunsi ndinkamva madzi akulira pansi pa chipale. Ndinapingasa maski, ndinakhwimitsa miyendo mpaka ntchafu zinayaka moto, ndipo tinatsetsereka chammbali, pang'onopang'ono, mpaka tinaima pafupi ndi kamlatho. Kangolo sikanagubuduke. Ndinamva bambo kumbuyo akuti, "Wagwira, mwanangu. Wagwira." Amalume anatipeza akutsimphina, akutukwana bondo lawo ndi mawu oti sindingalembe.

Tinaona nyali za ambulansi zikuthwanima m'nkhungu tisanaone galimotoyo. Anawaveka bambo chopumira cha okosijeni pomwepo n'kunyamuka nawo kupita ku Bergen.

Kuchipatala anawalowetsa m'chithanki chachitsulo chokhala ndi tiziwindo tozungulira. Amapopera mpweya mmenemo kuti thupi limve ngati labwerera pansi pa nyanja, tithovu tisungunuke, kenako n'kumachepetsa pang'onopang'ono. Analowamo masiku angapo otsatizana. Dokotala anandiitana pambali n'kundiuza kuti bambo akanagona kuphiri kuja, khutu lija mwina likanaferatu, ndipo sakanadzaimanso m'boti moyo wawo wonse.

Ndisakunamize kuti anatulukamo atachira. Chizungulire chinabwera nawo kunyumba. Masabata apitawa akhala akuyenda chogwira makoma, m'mawa uliwonse mseru, fungo la khofi lokha likuwatembenuza m'mimba. Anawapatsa zochita zoti aziyang'anitsitsa kadontho pakhoma uku akupukusa mutu. Poyamba ankakana, akuti akuoneka ngati nkhuku. Ndiye ndikaweruka kusukulu ndimaima pambali pawo, tonse awiri n'kumapukusa mitu. Tsiku lina woperekera makalata anationa pawindo, ndipo mpaka lero amafulumira akafika pageti pathu.

Usiku wina ndinawamva akulira kubafa. Sindinagogode. Zimenezi usadzawauze kuti ndinakuuza.

Tsopano imva za dzulo. Nditaweruka ndinapeza nyumba ili yokha. Ndinathamangira kugombe mtima uli m'mwamba. Ndinawapeza ataima poyambira mlatho woyandama uja wa maboti, umene umagwedezeka ngakhale bakha akaterapo. Asodzi angapo anali pamenepo akukonza maukonde. Bambo anandiuza kuti ndiime pomwepo, ndisawagwire.

Anayenda, Torunn. Manja m'matumba, mlatho ukuvina pansi pawo, anayenda mpaka kumapeto kwenikweni. Anatembenuka osagwira kanthu, anabwerera, ndipo atafika pakati anaima ndi mwendo umodzi kuti anthu aone. Asodzi anaombera m'manja. Wina anafunsa ngati n'zoona kuti anatsika phiri atakulungidwa ngati soseji. Bambo anati n'zoona, ndipo aliyense wofuna kuseka ayambe wapeza mwana amene angamukoke. Anandigwira paphewa pamaso pa onsewo. Ine ndinangoyang'ana pansi, koma nkhope inkanditentha mpaka m'makutu.

Pempho langa nali. Dokotala anati asayerekeze kubira mpaka atawayezanso khutu ndi mtima, koma ndawaona kale akusuzumira m'shedi mmene muli mabotolo. Ine ndakwanitsa kuwatsitsa phiri, koma kuwaletsa nyanja ndekha sindingathe. Iwe amakuopa. Ukamaliza mayeso bwera, usadikire chilimwe. Ndipo ukafika usayambe ndi kuwakalipira. Uyambe wawapempha kuti akuyendere pamlatho paja, chifukwa akufunitsitsa munthu wina woti amuonetse.

Undiperekere moni kwa anzako a m'chipinda, ndi kwa azakhali Gunnvor ukapita kukawaona Lamlungu. Amalume akuti ukamabwera uwagulire bondo latsopano. Mulungu akusunge, akupatse mutu wozizira pa mayeso, ndipo akufikitse kuno bwino.

Ndine mlongo wako,
Sondre