Ndibwerekeni Dothi, Amayi

Amayi, kumene muliko kukuyenda bwanji?

Kuno tilipo. Mlamu wanu wa ku Chipera akudandaulabe mwendo, ndipo Marita wanu wachira, mwana wamkazi wolira mokweza ngati inu mukamaitana mbuzi. Koma ine mtima suli m'malo. Mukanandiona mukanati, "Rozina, khala pansi, mpando suluma."

Nkhani ndi munda wanu. Watopa, Amayi. Chaka chino chimanga chinangofika m'chiuno n'kumasula, ndipo adubu, feteleza wa m'masaka uja, wadula moti sitimuyandikiranso. Achimwene a Zuze akuti tikakololanso chonchi aupereka kwa okumba golide a ku Fingoe, amene abwera kale kudzauyendayenda. Ndawaona maenje awo. Sindifuna kuti pamene munkatiyamwitsira pakhale dzenje la madzi obiriwira.

Mlangizi anabwera ku Malowera n'kutionetsa mizu ya udzu yokutidwa ndi tiulusi toyera. Akuti ndi mtundu wa bowa wosatuluka pamwamba, umene umagwirana ndi mizu n'kumaitungira madzi ndi chakudya kutali. Kulima ndi kutentha kunaupha m'minda mwathu. Koma ukatapa dothi pamalo osalimidwapo, n'kubzalamo mapira m'saka, bowawo umachulukana. Mapirawo akakula umaduladula mizu yake n'kumathira m'mapando.

Ndayenda, Amayi, mpaka zidendene kung'aluka. Kuphiri anawotcha makala, kudambo anakumba, kwina konse moto unadutsa. Malo amene khasu ndi moto sizinafikepo atsala amodzi: nkhalango ya kumanda, kumene mwagona inu.

Mukudziwa dzina limene amapatsa mkazi wotapa dothi kumanda. Nditangotchula zokatapa dothilo, a Zuze anaika chikho pansi n'kundifunsa ngati ndatopa kukhala pamudzi. Akuluakulu ndawapempha, akungoti tiona. Tiona liti? Mapira amafuna miyezi yake, ndipo ndikachedwa mvula indipeza chimanjamanja. Ndikuopa, sindibisa. Ndimagwira khasu, ndimalisiya, ndimapita kukaima panjira ya kumanda n'kubwerera.

Ndiye ndati ndipemphe mwini wake. Ndikukudziwani, ngakhale mchere simunkabwereketsa munthu asananene tsiku lobweza. Munkati, "Chatuluka ndi miyendo, chibwere ndi miyendo." Sindikhudza mtumbira wanu kapena wa wina aliyense. Ndingotapa mbale imodzi m'mphepete, pansi pa msuku uja, ndipo tikakolola ndidzabweza mbale yodzaza, yotapa m'munda mwanu momwe.

Loweruka ndipitanso kwa akuluakulu, ndipo sindichoka pakhomo pawo asanayankhe. Akalola, ndibwera masana dzuwa lili pamutu, mbale ili poyera, kuti wofuna kunena anene akuona. Mukamva mapazi, musadzidzimuke. Ndi ine.

Ndimakukondani, Amayi, ndipo munda wanu sindiupereka.

Mwana wanu wosakhazikika uja,
Rozina